Namkungwi yekha sakwanira, namwali amafuna phungu

Pa kachipatala komwe ndimagwirako ntchito ya unamwino, m'tauni ina ya kumidzi kuno ku Australia, tinalandira dokotala wachitsikana wodzaphunzira ntchito kwa miyezi 6. Anali wa mtundu wa Aboriginal, eni nthaka ya dziko lino. Dzina lake ndilisunga, la tauniyo ndilisunganso. Sabata yake yachiwiri, bambo wina wachikulire analowa m'chipinda chopimira, n'kukhala pampando, n'kumuyang'ana mtsikanayo kuyambira kumutu mpaka kuphazi, kenako n'kufunsa kuti dokotala afika nthawi yanji. Ine ndinali pakhomo, thireyi ya jakisoni ili m'manja. Mtsikanayo anayankha modekha kuti dokotala ndi iyeyo, n'kupempha mkono kuti ayeze BP. Anawapima bambowo, anawalembera mankhwala, anawaperekeza mpaka pakhomo mwaulemu wonse. Nthawi ya nkhomaliro sanabwere kukhitchini komwe tonse timadyera. Ndinamuona pawindo ali m'galimoto lake pansi pa bulugamu, foni ili kukhutu, dzanja linalo likupukuta m'maso. Anakhalamo nthawi yonse yopuma. Potuluka anakasukusula kumaso n'kuitana wodwala wotsatira.

Patapita masiku, tikumwa tiyi, anandiuza yekha amene ankalankhula naye tsiku lija. Sanali mayi ake, sanalinso dokotala womuyang'anira amene chipinda chake chinali pafupi pomwepo. Anali mayi wina, dokotala wa Aboriginal amene anamaliza maphunziro omwewa zaka zingapo zapitazo, wokhala kutali kwambiri, kudera lina la dziko. Anadziwana ku msonkhano wa bungwe la madokotala a eni nthaka ophunzira ntchito ya GP, dokotala wa banja. Mayiyo, akuti, sanamufunse ngati anamva bwino zimene bambo uja ananena. Sanamuuze kuti mwina bamboyo maso ndi ofooka. Anangomuuza kuti naye zinamuchitikirapo kangapo, n'kumufotokozera mmene amayankhira, mmene amalembera nkhani yotere kuti ikafike kwa akuluakulu, ndi nthawi imene amangoisiya ipite kuti asunge mphamvu za mawa.

Kuchokera tsiku limenelo ndakhala ndikuganiza za phungu. Kwathu ku Dowa, pa chinamwali pamakhala namkungwi, mwini mwambo, amene amalangiza, kuyesa ndi kudzudzula. Koma palibe mudzi umene umapereka namwali kwa namkungwi yekha. Pamakhalanso phungu, munthu amene anavinidwa kale, amene amakhala pambali pa namwali, kumunong'oneza akasokonezeka, kumukonzera nsalu ikamasuka, kumumasulira zimene akulu anena mophiphiritsa. Makolo athu sankaona phungu ngati chifundo chochitira mwana wofooka. Anali mbali ya mwambo weniweniwo. Dokotala wa eni nthaka amene akuphunzira ntchito ya GP ali ndi anamkungwi ambiri, koma phungu amachita kudzifunira yekha, ndipo phunguyo nthawi zambiri amagwira ntchitoyi usiku, kwaulere, atatopa. Izi ziyenera kusintha. Uphungu umenewu ulowe m'maphunziro enieniwo, ukhale ndi ndalama zake zokhazikika, ndipo autsogolere ndi eni nthaka okha.

Kuti nkhaniyi imveke, ndifotokoze kaye mmene zimakhalira kuno. Munthu ukadwala suthamangira kuchipatala chachikulu ngati mmene timachitira ku Kamuzu Central kapena ku Queens. Umayamba kwa GP, dokotala wa banja, amene amaona chilichonse: mwana wa chifuwa, mayi woyembekezera, gogo wa shuga, mnyamata amene maganizo amusokonekera. Iyeyo ndiye amakutumiza kwa katswiri zikavuta. U-GP pawokha ndi ukatswiri, sumangobwera ndi digiri. Munthu akamaliza kuyunivesite n'kugwirako m'chipatala chachikulu, amalowa maphunziro ena pansi pa koleji imodzi mwa ziwiri: RACGP, kumene amatenga zaka 3, kapena ACRRM, ya madokotala a kumidzi ndi kumadera akutali, kumene amatenga zaka 4. Pa nthawiyi amatchedwa registrar. Kuyambira mu February 2023 makoleji awiriwa ndiwo akuyendetsa okha maphunzirowa ndi ndalama za boma, ndipo pafupifupi theka la malo ophunzirira limakhala kunja kwa mizinda ikuluikulu.

Wophunzira za opaleshoni m'chipatala chachikulu amayenda m'gulu, amadya ndi anzake, amadandaulirana m'makhonde. Registrar wa u-GP amakhala yekha m'chipinda, chitseko chotseka, wodwala mmodzi pa mphindi 15 kapena 20 zilizonse. Womuyang'anira ali chipinda china, nayenso ali ndi mzere wake. Pakatha miyezi 6 kapena chaka, amalongedza katundu kupita tauni ina kukayambiranso kudziwana ndi anthu. Usiku amawerengera mayeso. A RACGP ndi atatu, AKT, KFP ndi CCE, ndipo KFP ndi imene ma registrar amaitchula monong'ona. Safunsa zimene waloweza. Amakupatsa nkhani ya wodwala n'kuona chimene ungayambe kuganiza ndi kuchita, ndipo munthu wodziwa mankhwala bwinobwino amatha kugwa chifukwa sanazolowere kayankhidwe kake. Mayeso alionse amadya madola masauzande, ndipo mwayi wobwereza uli ndi malire.

Tsono tengani ma registrar awiri. Woyamba bambo ake ndi dokotala, amalume ake ndi dokotala, anzake a kusekondale theka ali m'zipatala. Akakhumudwa ndi wodwala amaimba foni kunyumba. Akafuna kudziwa kuti ndi chipatala chiti chimene chimaphunzitsa bwino, ndi chiti chimangofuna manja otchipa, amamva patebulo la chakudya chamadzulo. Akagwa KFP pali wina womuuza kuti nayenso anagwapo, moyo sunathe. Mwana ameneyu ali ndi aphungu khumi, kungoti palibe amene amawatchula choncho, ndipo palibe amene amati akukonderedwa. Wachiwiri ndi woyamba m'banja lake kumaliza sekondale, osati udokotala wokha. Akaimba foni kwawo amamunyadira, amamupempherera, mwinanso amamupempha ndalama ya magetsi, koma palibe amene angamuuze mmene amakambirana malipiro ndi mwini chipatala. Onse awiri ndi anzeru. Kusiyana kwawo kunapangidwa ndi mbiri, ndipo mbiriyo ili ndi madeti ake.

Sukulu yoyamba ya udokotala ku Australia inatsegulidwa ku Melbourne mu 1862. Munthu woyamba wa Aboriginal wodziwika kuti anamaliza udokotala ndi a Helen Milroy, a mtundu wa Palyku, ku University of Western Australia mu 1983. Pakati pake padutsa zaka 121. Ife a ku Malawi chiwerengerochi chitikhudze, chifukwa a Daniel Sharpe Malekebu anatenga udokotala ku Meharry, ku America, mu 1917, Nyasaland ili m'manja mwa atsamunda. Ku New Zealand a Māui Pōmare, a mtundu wa Māori, anali dokotala kale pofika chaka cha 1900. Eni nthaka a ku Australia sanachedwe chifukwa chosowa mitu. Malamulo ankawasunga m'malo ozingidwa, ankawauza kokhala, wokwatirana naye ndi kogwira ntchito. Ku New South Wales, mphunzitsi wamkulu anali ndi mphamvu yochotsa mwana wa Aboriginal pasukulu makolo achizungu akadandaula, ndipo lamulolo linachotsedwa m'buku la aphunzitsi mu 1972. Ana ambirimbiri analandidwa kwa amayi awo mpaka cha m'ma 1970, ena analandidwira m'zipatala momwemo, ndipo boma linadzapepesa pa 13 February 2008 kudzera mwa nduna yaikulu Kevin Rudd. Agogo a dokotala wathu uja anakhala m'nthawi imeneyo. Lero eni nthaka ndi pafupifupi anthu 4 pa 100 alionse m'dziko muno, koma mwa madokotala sakwana ngakhale mmodzi pa 100.

Chimene chimandipatsa ulemu pa anthuwa n'choti sanadikire. Mu 1971 anatsegula chipatala chawochawo ku Redfern, mu mzinda wa Sydney, m'kasitolo kakang'ono, ndi madokotala ongodzipereka. Ena mwa amene anayambitsa anali mayi Shirley Smith, amene aliyense ankawatcha Mum Shirl, ndi dokotala wa maso Fred Hollows. Lero zipatala zoyendetsedwa ndi eni nthaka zilipo zoposa 140 pansi pa bungwe la NACCHO. Mu 1990 University of Newcastle inatulutsa a Sandra Eades ndi a Louis Peachey, ndipo mu 1997 madokotala ochepa amene analipo pamodzi ndi ophunzira anakumana ku Salamander Bay, kumene kunabadwa bungwe la AIDA, la madokotala a eni nthaka. Mu 2008 ma registrar a u-GP nawo anayambitsa gulu lawo, IGPRN, limene lero limatchedwa IGPTN. Sanayambe ndi ofesi. Anali ophunzira otopa amene anaona anzawo akugwa mayeso mmodzimmodzi n'kusowa, aliyense akuganiza kuti vuto ndi iye yekha. Mutu umodzi susenza denga, anaitanizana. Amakumana maso ndi maso, amayesezera mayeso, amene anakhoza kale amabwera kudzakhala ngati oyesa, ndipo pakati pa chaka amakumana pa intaneti. RACGP nayo ili ndi pulogalamu yotchedwa Yagila Wadamba, mawu a chinenero cha anthu a Wurundjeri otanthauza kuphunzira kuchiritsa.

Dokotala wathu uja anandifotokozera mmene misonkhano yawo imayambira. Sayamba ndi mabuku. Amakhala mozungulira, amati yarning, kucheza kopanda changu ngati pabwalo madzulo, ndipo aliyense amanena mob yake, kutanthauza mtundu wake, ndi dera la makolo ake. Ndinaseka ndi chimwemwe, chifukwa ifenso tikakumana kutali timayamba kufunsana mfunda, kuti ndinu a Phiri kapena a Banda, kwanu n'kwa mfumu yani. Anati tsiku loyamba kulowa m'chipinda chimene munali madokotala ambiri onse a eni nthaka, mapewa ake anatsika okha. Sanadziwe kuti kwa zaka zonsezo ankayenda atawakweza.

Amene akuganiza kuti ndikukuza nkhani ya bambo mmodzi wamwano aone kafukufuku wa Medical Board of Australia, bungwe lolembetsa madokotala, amene amafunsa madokotala ophunzira chaka ndi chaka. Mu 2022, mwa ophunzira onse, 34 pa 100 alionse anati anazunzidwa, kunyozedwa kapena kusalidwa kuntchito, kapena anaona mnzawo akuchitiridwa zimenezi. Mwa ophunzira a eni nthaka chiwerengerocho chinali 55 pa 100. Ndipo ochita zimenezi si odwala okha, ambiri ndi ogwira nawo ntchito, ena ndi akuluakulu amene amasaina mapepala oti wophunzira wapambana gawo. Ukadandaule bwanji kwa munthu amene cholembera chake chagwira tsogolo lako?

Palinso katundu wina amene kafukufuku sayeza bwino. Kuno amamutcha cultural load. Pachipatala pakakhala munthu mmodzi wa Aboriginal, chilichonse chokhudza eni nthaka chimagwera iyeyo. Wodwala wa Aboriginal akaphonya tsiku, afunse iye chifukwa chake. Sabata ya NAIDOC, yokondwerera mbiri ndi chikhalidwe cha eni nthaka, ikafika mu July, akonze iye mwambo. Kalata yopita kwa akuluakulu a m'deralo, alembe iye. Mu October 2023, dziko litakana pa referendamu kuti eni nthaka akhale ndi liwu lawo lolangiza nyumba ya malamulo, anthu ngati iyeyu anadzuka Lolemba kukapima odwala amene ambiri a iwo anavota zokana, ena akufuna kuti akambirane nawo nkhaniyo pamene akuwayeza shuga. Kumbali ya kwawo nakonso katundu alipo. Ukakhala dokotala woyamba wa mtundu wako, foni imalira pakati pa usiku, wachibale akufuna umufotokozere zimene adokotala ena anena, ndipo kukana n'kovuta monga mmene kulili kwa ife amene timatumiza ndalama kumudzi.

Koma chimene chinandilasa mtima kwambiri ndi maliro. M'mwezi wachinayi, mng'ono wa amayi ake anamwalira. Lamulo la ntchito kuno limapereka masiku 2 a tchuthi cha maliro, ndipo limatchula abale ake: mwamuna kapena mkazi, mwana, kholo, gogo, mdzukulu, m'bale wobadwa naye. Woyendetsa chipatala chathu, munthu wosaipa mtima, anatsegula buku n'kunena kuti aunt mulibe m'ndandanda. Ine magazi anandithamanga. Kwa ife mng'ono wa amayi ako ndi mayi aang'ono, ndi amayi ako ndithu, sitinena kuti ndi wachibale wapatali. Mitundu yambiri ya Aboriginal imawerenganso chimodzimodzi, ndipo mayi ameneyu ndi amene anamulera mtsikanayu zaka zingapo. Maliro awo, amene amati sorry business, si a ola limodzi kutchalitchi. Anthu amayenda mitunda italiitali, amakhala pamodzi masiku, ali ndi miyambo yoti itsatidwe, ndipo wosabwera amakhala wadzichotsa yekha pa mtundu. Mtsikanayu anaima pakati, uku maliro a mayi, uku masabata a maphunziro amene koleji imawerenga mosaphonya. Analowanso m'galimoto muja. Phungu wake ndi amene anamuuza tchuthi choyenera kupempha, mawu oti alembe, munthu wa kukoleji woti amuimbire, ndipo iye mwini anaimbira womuyang'anira kumufotokozera, dokotala kwa dokotala mnzake, tanthauzo la malirowo. Anapita, anakalira amayi ake, anabwerako, sanataye gawo la maphunziro. Popanda foni imeneyo ndikukhulupirira kuti akanasankha maliro, monga inenso ndikanachitira, ndipo mwina sakanabwereranso.

Ndimamva zotsutsa, ngakhale kwa anzanga a ku Africa kuno. Amati kodi kupatula madokotala potengera mtundu si tsankho lomwelo? Bwanji osangothandiza registrar aliyense wovutika? Yankho langa n'loti aliyense wovutika athandizidwe ndithu, ndipo madokotala obwera kuchokera kunja, amene agwira zipatala zambiri za kumidzi kuno, nawo akufunika aphungu awo. Koma gulu la eni nthaka silichotsera munthu kanthu. Mayeso ndi omwewo, mafunso ndi omwewo, mzere wokhozera ndi womwewo. Palibe amene amapatsidwa malikisi chifukwa cha agogo ake. Chimene gululi limapereka ndi chija mwana wa dokotala anachipeza kale pakhomo pa makolo ake. Ngati sitinadandaulepo za foni ya mwana uja kwa bambo ake, tidandauliranji za foni ya m'galimoto?

Ena amati womuyang'anira wabwino ndi wokwanira, mtundu wake ulibe kanthu. Apa ndivomereze mbali ina. Dokotala amene ankamuyang'anira mtsikanayu anali mzungu wachikulire, mphunzitsi wabwino zedi, woleza mtima, ndipo anamuphunzitsa zinthu zimene phungu wakutali sakanatha: kudula kachotupa ka pakhungu, kumva mtima wa khanda, kuuza munthu uthenga woipa. Namkungwi ameneyu ndi wofunika, ndipo madokotala ambiri a eni nthaka amatchula aphunzitsi achizungu amene anawatsegulira makomo. Ndivomerezenso kuti eni nthaka si mtundu umodzi. Azungu asanafike mu 1788 kunali zinenero zoposa 250, ndipo dokotala wa Noongar wa kumadzulo akapita kwa a Yolngu kumpoto amakhala mlendo, ayenera kufunsa ndi kuphunzira. Komabe pali zinthu zimene sunganene kwa munthu amene akukupatsa malikisi, ngakhale akhale wabwino chotani. Sungamuuze kuti ukuopa kuti ukagwa mayeso anthu adzati onse a mtundu wako ndi otero. Sungamuuze kuti lero unazengereza kufunsa funso poopa kuoneka ngati unalowa udokotala pakhomo la kuseri. Mbewa ya manyazi inafera kuuna, ndipo pa udokotala manyazi ofunsa amapweteka wodwala. Kwa phungu funso lomwelo limatuluka mosavuta, chifukwa iye alibe cholembera m'manja, ndipo safunika kuyamba wakhulupiritsidwa kuti zimene zachitikazo zachitikadi.

Wopindula kwenikweni ndi wodwala. Ziwerengero za boma za 2020 mpaka 2022 zikuti mwamuna wa eni nthaka amayembekezeka kukhala zaka 71.9, mkazi zaka 75.6, kutsalira ndi zaka zoposa 8 poyerekeza ndi anthu ena m'dziko lomweli. Shuga, impso, mafinya m'makutu mwa ana, matenda a mtima oyamba ndi zilonda za pakhosi zosachizidwa: zonsezi ndi ntchito ya GP, zimagwidwa msanga kapena kuphonyedwa m'kachipinda kaja. Boma linaika ndalama yapadera yopimira thupi lonse la munthu wa eni nthaka, imene aliyense pachipatala amangoitchula ndi nambala yake, 715. Koma 715 sigwira ntchito ngati munthu safuna kulowa pakhomo. Mu January 2016 mayi wina wa mtundu wa Wiradjuri, wa zaka 27, woyembekezera, anafika pachipatala china ku New South Wales usiku akumva ululu. Anali atapitako maulendo ambirimbiri m'miyezi ya m'mbuyomo. Anapatsidwa panado, anabwerera kunyumba patangotha pafupifupi theka la ola, ndipo anamwalira tsiku lomwelo ndi matenda a m'magazi. Wofufuza za imfa anapeza mu 2019 kuti maganizo amene ogwira ntchito anali nawo kale pa mayiyu anakhudza chisamaliro chake. Dzina lake sindilemba, potsata mwambo wa ambiri a iwo wosatchula womwalira. Nkhani zotere zimayenda m'mabanja, ndipo anthu amasankha kupirira ululu kunyumba.

Pa miyezi 6 imene mtsikanayu anali nafe, ndinaona agogo amene sindinawaonepo akubwera, atamva kwa anzawo. Ankawatcha Aunty, Uncle, ankayamba wafunsa za kwawo asanafunse za matenda. Tsiku lina anandipempha kuti ndisinthe nthawi ya odwala awiri kuti asakumane pa benchi yodikirira, chifukwa anali mkamwini ndi apongozi ake, ndipo mwambo wawo suwalola kuyang'anizana. Kwa ine sanafunike kufotokoza kawiri. Ndinakumbuka amalume anga akupatuka m'njira kulowa m'chimanga ataona apongozi awo akubwera. Dokotala wotere akasiya maphunziro pakati, amapita ndi zonsezi.

Pano ndichenjeze mbali imene ndikuiikira kumbuyo. Uphungu ukhoza kusanduka dzala lotayako mavuto. Koleji kapena chipatala chikhoza kunena kuti ali ndi gulu lawo, akalirire kumeneko, ife tipitirize monga kale. Pamenepo phungu amakhala wopukuta magazi pamene wobaya akuyendabe ndi mpeni. Kuyambira mu 2022 lamulo lolembetsa ogwira ntchito zachipatala kuno limanena poyera kuti chisamaliro chikhale cholemekeza chikhalidwe cha eni nthaka ndi chopanda tsankho, ndipo bungwe loyang'anira limati oweruza ngati zili choncho ndi eni nthaka eniake. Ndiye ngati aphungu akumva dandaulo lomwelo kuchokera ku chipatala chimodzi chaka ndi chaka, payenera kukhala njira yoti liwu lawo lifike kwa opereka chilolezo chophunzitsa, ndipo chipatala chimenecho chilandidwe ophunzira. Sindikufunanso kuti gululi likhale khola lokankhira dokotala aliyense wa eni nthaka ku chipatala cha eni nthaka. Wofuna kukagwira pakati pa Melbourne apite, ndi ufulu wake ngati dokotala wina aliyense.

Ndipo aphunguwo ndi ochepa. Taonani banja la a Kong, a mtundu wa Worimi. Amayi awo anali namwino, mapasa Marilyn ndi Marlene anakhala madokotala, mlongo wawo Kelvin anatsatira n'kukhala dokotala wa opaleshoni woyamba wa Aboriginal, wa makutu, mphuno ndi pakhosi. Marilyn Clarke anakhala katswiri woyamba wa Aboriginal wa azimayi ndi uchembere, Marlene anatsata u-GP. Banja limodzi likuonetsa mmene njira imatsegukira wina akadutsa kutsogolo. Koma likuonetsanso kuchepa kwawo, kuti mayina oyamba m'magawo awiri akuluakulu achokera m'nyumba imodzi, m'nthawi yathu ino. Anthu ochepa omwewa ndi amene amaitanidwa ku komiti iliyonse, kukalankhula pa msonkhano uliwonse, kukaphunzitsa azungu za chikhalidwe, kuona odwala awo, kulera ana awo, kenako usiku kuyankha foni ya registrar amene akulira. Akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto, koma dambo nalo limauma likamazimitsa moto tsiku ndi tsiku popanda mvula. GP kuno amapeza ndalama malinga ndi odwala amene waona. Ola limene wapereka kwa wophunzira ndi ola limene wadzilanda. Womuyang'anira wa pachipatala amalandirako kanthu chifukwa chophunzitsa. Phungu naye alipidwe, ola lake lilembedwe pa ndandanda ya ntchito, ulendo wa registrar wopita ku msonkhano wa anzake uwerengedwe ngati maphunziro osati tchuthi, ndipo ndalama za gululi zisamadalire kupempha chaka ndi chaka.

Kwa abale anga a ku Malawi, Zambia ndi Zimbabwe amene tikugwira ntchito m'zipatala za kuno ndili ndi mawu apadera. Timafika osadziwa mbiri ya dziko, ndipo zoyamba kumva za eni nthaka timazimva m'khitchini ya kuntchito, kwa anthu amene amazinena mopepuka: kuti ndi oledzera, saphunzira, amangolandira za boma. Ena a ife timazitola n'kumazibwereza, poganiza kuti tikatero tilandiridwa. Ndamvapo ndi makutu anga m'Chichewa chomwechi. Ife amene agogo athu ankavula chipewa kwa mwana wa mzungu, amene ankagulira pawindo ku Kandodo, sitiyenera kuchita kuphunzitsidwa kuti mawu amenewa amachokera kuti. Nafenso timafunsidwa kuti namwino weniweni ali kuti. Kusiyana kwake n'koti ife tili ndi kwathu kobwerera, pamene iwo akufunsidwa funsolo pa nthaka ya makolo awo. Kwathu nako maphunziro a ukatswiri wa dokotala wa banja anayamba mu 2015, ophunzira ake akugwira m'zipatala monga cha Mangochi, ndipo dokotala wachinyamata wotumizidwa yekha kuboma lakutali amadziwa kusungulumwa kwa chitseko chotseka. Koma imeneyo ndi nkhani ya tsiku lina, ndipo si yofanana ndi iyi.

Bungwe la AIDA lili ndi mwambo wopatsa dokotala aliyense watsopano wa eni nthaka chida chomvera kugunda kwa mtima chojambulidwa ndi manja, mwa luso la makolo awo. Mtsikana uja chake ankachisunga m'kabati ya desiki, sankapimira odwala, ankangochitulutsa nthawi zina madzulo akamalemba malipoti. Tsiku lotsanzika anachikulunga mu thaulo n'kuchiika pampando wakutsogolo wa galimoto. KFP anali atagwa kamodzi ali kwathu kuno, ndipo ankapita kukaibwereza ali ku tauni ina, makilomita mazanamazana kuchokera pano. Mwezi wamawa tikulandira registrar wina. Ndapempha woyendetsa chipatala kuti pa ndandanda ya mlungu uliwonse pakhale ola limodzi lopanda odwala, loti wophunzira azilankhula ndi phungu wake ali m'chipinda, chitseko chotseka, osati m'galimoto pa nthawi ya nkhomaliro. Anandiyankha kuti ola limenelo ndi odwala anayi, ndipo akambirana kaye ndi eni chipatala.